Misoko ya chigaza cha khanda ikatsekeka nthawi isanakwane

Kawirikawiri amene amayamba kuzindikira kuti mutu wa khanda suli monga mmene uyenera kukhalira si dokotala, koma mayi kapena bambo amene amamusambitsa mwanayo tsiku ndi tsiku, moti dzanja lake lazolowera kudutsa pamwamba pa chigaza chake. Pomupukuta, chala chimakhudza kamzera kolimba kotumphuka kamene kayambira pa liwombo n'kulowera kunkhongo, ngati kuti pansi pa khungu pabisika kachingwe, ndipo akamuyang'ana mwanayo kuchokera pamwamba amaona kuti mutu ndi wautali koma wopanikizika m'mbali, chipumi chatuluka ndipo nkhongo yasongoka. Mwanayo akuyamwa bwino, akugona bwino, wayamba kumwetulira pa nthawi yake, kotero kuti palibe pamene kholo lingaloze n'kunena kuti apa ndiye pakupweteka. Achibale akafunsidwa amayankha kuti mitu ya makanda imatero, kuti anapanikizika pobadwa ndipo udzawongoka wokha, kapenanso kuti watengera agogo ake. Nthawi zambiri achibalewo amakhala akunena zoona, ndipo m'menemo ndi mmene mwagona kuvuta kwa nkhaniyi, chifukwa pakati pa makanda ambirimbiri amene mitu yawo imaoneka yachilendo m'masabata oyambirira, alipo ochepa amene mutu wawo sudzawongoka wokha ngakhale atadikira zaka, ndipo kwa iwowa mwezi uliwonse umene wapita podikira umatseka ina mwa njira zimene madokotala akanawathandizira nazo.

Vuto limeneli madokotala amalitchula kuti craniosynostosis, ndipo limapezeka mwa mwana mmodzi pa ana 2,000 mpaka 2,500 alionse obadwa amoyo. Kuti munthu alimvetse, ayenera kuyamba waiwala chigaza cha munthu wamkulu, chimene chimaoneka ngati fupa limodzi logwirana. Chigaza cha khanda ndi mafupa angapo athyathyathya amene sanagwirane, koma alumikizidwa ndi minofu yolimba yotha kutamuka, ndipo mizere imene mafupawo akumanirana ndi imene tingaitche misoko. Pamene misoko ingapo yakumana pamatsala mpata wofewa, womwe ndi liwombo lija. Misokoyi ili ndi ntchito ziwiri. Yoyamba imatha pa tsiku lobadwa, pamene mafupa amapanikizika n'kukwerana pang'ono kuti mutu udutse m'njira ya mayi. Yachiwiri ndi imene imatenga zaka, chifukwa m'mphepete mwa misoko ndi mmene fupa latsopano limapangidwira pamene ubongo ukukankha kuchokera mkati. Chigaza sichidzikulira chokha, chimatsatira ubongo, ndipo ubongo wa khanda umakula mwa liwiro limene sudzakulanso nalo moyo wonse: m'chaka choyamba chokha umawirikiza pafupifupi kawiri, ndipo mutu umene pobadwa unali wa masentimita pafupifupi 35 kuzungulira umafika cha m'ma 46 mwana akamakwanitsa chaka. Liwombo laling'ono la kunkhongo limatsekeka pofika miyezi iwiri kapena itatu, lalikulu la pamwamba limatsekeka kawirikawiri mwana ali pakati pa chaka chimodzi ndi zaka ziwiri, koma misoko yambiri siigwirana kotheratu mpaka munthu atakula.

Msoko umodzi ukasanduka fupa mwana akadali m'mimba kapena atangobadwa kumene, ubongo suleka kukula, umangokankhira kumene kuli mpata. Rudolf Virchow, katswiri wa ku Germany wofufuza za matenda, ndi amene anafotokoza zimenezi momveka m'chaka cha 1851, ndipo lamulo limene anaona likugwirabe ntchito mpaka lero: chigaza chimaleka kukula modutsa msoko wotsekekawo, n'kukula mopitirira muyeso motsatira msokowo. N'chifukwa chake dokotala wozolowera ntchitoyi amatha kudziwa msoko umene watsekeka pongoyang'ana mutu, asanajambule n'komwe. Mwana amene tayamba naye uja watsekeka msoko wotchedwa sagittal, umene umayenda pakati penipeni pa mutu kuchokera kutsogolo kupita kumbuyo. Mutu sungathe kufutukuka m'mbali, choncho umatalika n'kukhala ngati bwato logadabuzika. Mtundu umenewu ndi umene umapezeka kwambiri, pafupifupi theka la ana onse a vutoli, ndipo umakonda kugwira anyamata kuposa atsikana. Ukatsekeka msoko wa pachipumi wotchedwa metopic, chipumi chimasongoka kutsogolo ngati nsonga ya chinthu cha mbali zitatu, ndipo maso amaoneka oyandikana. Msoko wotchedwa coronal, umene umatsika kuchokera pa liwombo kupita cha kukhutu mbali zonse ziwiri, ukatsekeka mbali imodzi chipumi chimaphwa mbali imeneyo n'kutumphuka mbali inayo, diso limodzi limaoneka lotseguka kwambiri komanso lokwera, ndipo mphuno imapendekeka pang'ono; mtundu uwu umapezeka kwambiri mwa atsikana. Ukatsekeka mbali zonse ziwiri, mutu umakhala waufupi kuchokera kutsogolo kupita kumbuyo, wotambalala ndiponso wautali chokwera. Msoko wa kunkhongo wotchedwa lambdoid ndi umene umatsekeka mwa apo ndi apo kwambiri.

Pali chinthu chimodzi chimene chimaopseza makolo ambiri pachabe. Msoko wa pachipumi ndi wokhawo umene mwachibadwa umatsekeka mwana asanakwanitse chaka, ndipo pogwirana umasiya kamzera kotumphuka pakati pa chipumi mwa ana ambiri abwinobwino. Kamzera kokhako, popanda kusongoka kwa chipumi, si chifukwa chochitira opaleshoni.

Chimene chimasokoneza kwambiri ndi mutu wophwa chifukwa cha kagonedwe, umene ndi wofala kutalitali kuposa kutsekeka kwa misoko. M'chaka cha 1992 bungwe la madokotala a ana la American Academy of Pediatrics linalangiza kuti makanda asamagonekedwe chafufumimba, pofuna kuchepetsa imfa zadzidzidzi za makanda ali m'tulo, ndipo uthenga wogoneka mwana chagada utafalikira, imfazo zinachepa kwambiri, koma ana a nkhongo zophwa anachuluka. Mwana amene amakonda kutembenuzira mutu mbali imodzi, makamaka ngati mnofu wa khosi lake ndi womangika, amaphwa nkhongo mbali imeneyo, ndipo khutu ndi chipumi cha mbali yomweyo zimasunthira kutsogolo. Misoko yake imakhala yotseguka, ubongo wake suli pa chiopsezo chilichonse, ndipo mutuwo umawongoka ndi kusinthasintha mbali yogonera, kumuika chafufumimba akakhala maso ndiponso wina akumuyang'anira, ndi kulimbitsa thupi kwa khosi. Si nzeru kumugoneka tulo chafufumimba pofuna kukonza maonekedwe a mutu, chifukwa kumeneko ndi kusinthanitsa vuto laling'ono ndi lalikulu. Kusiyana kumene kholo lingathe kuona lokha n'kwakuti mutu wopanikizika pobadwa umayamba kuwongoka m'masiku ochepa kapena masabata ochepa, mutu wophwa ndi kagonedwe umabwera pambuyo pa kubadwa ndipo umasintha mwana akayamba kukhala pansi, pamene mutu wa msoko wotsekeka umakhala choncho kuyambira pa chiyambi ndipo umanka nuonekera.

Banja limene lafika poganiza kuti pali china chake limayamba ulendo umene kwa ambiri ndi wotopetsa kuposa opaleshoni yeniyeniyo, womwe ndi ulendo wofuna munthu woti awamvere. Kusikelo mutu wa mwana umayezedwa ndi tepi, nambala imalembedwa m'kabuku, ndipo nambalayo ikagwera pamzere woyenera aliyense mtima umakhala m'malo. Komatu tepi imayeza kuzungulira kwa mutu, siyeza maonekedwe ake, ndipo mwana wotsekeka msoko wa pakati angathe kukhala ndi nambala yabwinobwino kapenanso yokulirapo, popeza zimene mutu wataya m'mbali wazibweza m'litali. Liwombo nalonso limanamiza: litha kutsekeka msanga mwa mwana wopanda vuto, ndipo litha kukhalabe lotseguka mwa mwana amene msoko wake wina wagwirana kale. Ine ndimaona kuti pamenepa kholo lili ndi chida chimene wachipatala alibe, chifukwa wachipatala amamuona mwanayo kwa mphindi zochepa kuchokera kutsogolo, pamene kholo likhoza kumujambula chithunzi kuchokera pamwamba pa mutu, tsitsi lili lonyowa, kamodzi pa masabata awiri alionse, n'kukaonetsa zithunzizo motsatizana. Zithunzi zoterozo zimasintha nkhani kuchoka pa nkhawa ya mayi kufika pa chinthu chooneka ndi maso. Akafika kwa katswiri, iye amapapasa misoko ndi zala, amayang'ana mutu mbali zonse, amayang'ananso manja, mapazi, maso ndi makutu. Kwa khanda laling'ono, sikani ya ultrasound ikhoza kuonetsa ngati msoko uli wotseguka popanda kumuwalitsa mwana ndi cheza, ndipo makina a CT, amene amaonetsa chigaza chonse mbali zonse, madokotala ambiri amawasungira nthawi imene pali chikayiko kapena pokonzekera opaleshoni.

Dzina la matendawa likangotchulidwa, funso loyamba limene limabwera, makamaka mumtima mwa mayi, ndi lakuti analakwitsa chiyani. Amakumbukira tsiku limene anaterereka ali woyembekezera, ntchito yolemetsa imene anagwira, mmene ankamugonekera mwanayo, ndipo pena achibale amawonjezera moto ndi mafunso awo. Yankho loona ndi lakuti mwa ana ambiri amene atsekeka msoko umodzi wokha, chifukwa chake sichipezeka, ndipo kanyamulidwe, kagonekedwe kapena kasambitsidwe ka mwana sizitseka msoko. Pali zinthu zingapo zimene ofufuza apeza kuti zimachulukitsa chiopsezo, monga matenda a chithokomiro mwa mayi, kusuta fodya pa nthawi ya pakati, ndi mankhwala a khunyu otchedwa valproate, amene amakhudzana makamaka ndi msoko wa pachipumi. Pa mankhwala amenewa m'pofunika kusamala kwambiri, chifukwa mayi wodwala khunyu akangowasiya yekha mwadzidzidzi amaika moyo wake ndi wa mwana pangozi yaikulu. Kusintha mankhwala ndi nkhani yokambirana ndi dokotala, makamaka asanatenge pakati.

Gulu lochepa la anawa, koma limene njira yake ndi yaitali kwambiri, ndi la amene kutsekeka kwa misoko ndi mbali imodzi chabe ya vuto lalikulu la chibadwa. Mavuto amenewa amadziwika ndi mayina a madokotala amene anawafotokoza. Eugène Apert wa ku France anafotokoza m'chaka cha 1906 za ana amene, kuwonjezera pa mutu, amabadwa zala za m'manja ndi za kumapazi zitagwirana. Octave Crouzon, wa ku France yemweyo, anafotokoza m'chaka cha 1912 za mayi ndi mwana wake amene anali ndi maso otuluka ndi mafupa a pakati pa nkhope olowa mkati, koma manja abwinobwino. Vuto la Pfeiffer, lofotokozedwa mu 1964, limadziwika ndi zala zazikulu za m'manja ndi za kumapazi zotambalala, ndipo la Muenke linazindikiridwa mu 1997. M'zaka za m'ma 1990 asayansi anapeza kuti ambiri mwa mavutowa amachokera pa kusintha kwa tizigawo ta DNA (malangizo a chibadwa amene munthu amatengera kwa makolo ake) timene timalamulira kakulidwe ka mafupa, makamaka totchedwa FGFR2, FGFR3 ndi TWIST1. Kusinthako kumatha kubuka mwa mwana amene makolo ake onse alibe vutolo, ndipo umu ndi mmene zimakhalira kwa ana ambiri a vuto la Apert, limene limachulukirapo pang'ono bambo akakhala wamkulu msinkhu. Munthu amene ali nako kusinthako, mwana wake aliyense amakhala ndi mwayi wa theka woti atengere. Pena kholo limazindikira kuti nalonso lili ndi vuto lomwelo, mochepa chabe, pokhapokha mwana wake atayezedwa magazi, ndipo chimenechi ndi chinthu chimene mabanja ena amavutika nacho kuchilandira kuposa nkhani ya opaleshoni.

Tsopano pakubwera chisankho chimene chimasowetsa makolo tulo. Mwana ali bwinobwino m'manja mwawo, sakudwala, sakulira ndi ululu, koma dokotala akunena zotsegula mutu wake. Zifukwa zochitira opaleshoni zilipo ziwiri, ndipo m'pofunika kuti makolo azimve zonse ziwiri mosabisa. Choyamba ndi kupanikizika kwa ubongo mkati mwa chigaza. Kwa ana otsekeka msoko umodzi chiopsezochi chilipo koma chimagwira ochepa, pamene kwa otsekeka misoko ingapo ndi chachikulu ndithu. Kupanikizikako kumabwera pang'onopang'ono ndipo pena sikuonetsa chizindikiro chilichonse, koma kukaonekera mwana amalira mosatonthozeka, amasanza pafupipafupi, amagona mopitirira muyeso, liwombo limatukuka, ndipo wokulirapo amadandaula mutu, makamaka m'mawa. Mitsempha ya maso ndi imene imavulala mwakachetechete, moti mwana akhoza kuyamba kutaya kuona aliyense asanadziwe, ndipo n'chifukwa chake dokotala wa maso amaunika kuseri kwa diso nthawi ndi nthawi. Chifukwa chachiwiri ndi maonekedwe a mutu ndi nkhope, amene sadzakonzeka okha. Alipo anthu amene amanyoza chifukwa chachiwirichi ponena kuti ndi kungofuna kukongoletsa mwana, koma ine sindigwirizana nawo. Kubwezeretsa mutu m'maonekedwe amene ukanakhala nawo msoko ukanapanda kutsekeka si kukongoletsa, ndipo mwana amene adzakhala zaka zonse za kusukulu akuyang'anitsitsidwa ndi kutchulidwa mayina ndi amene adzasenze zotsatira za chisankho chimene sanafunsidwepo. Komabe pali ana amene kusintha kwa mutu wawo n'kochepa kwambiri, ndipo makolo pamodzi ndi madokotala amagwirizana zongowayang'anira popanda opaleshoni, chimenenso ndi chisankho cholemekezeka ngati kuyang'anirako kukuchitikadi.

Mantha a makolo pa opaleshoni imeneyi si achabe, ndipo mbiri yake imawachitira umboni. Odilon Lannelongue anayamba kudula kachigawo ka fupa motsatira msoko ku Paris m'chaka cha 1890, ndipo ena anamutsatira mofulumira, koma ambiri mwa ana amene ankachitidwa opaleshoniyo anali a mitu yaing'ono chifukwa ubongo wawo sunakule, osati chifukwa chigaza chinautsekera, kotero kuti kudula fupa sikukanawathandiza kalikonse. M'chaka cha 1894 dokotala wa ana Abraham Jacobi anadzudzula poyera mchitidwewu ataonetsa kuti mwa ana 33 amene anawerengera, 15 anamwalira, ndipo opaleshoniyi inasiyidwa kwa zaka zambiri. Amene anatsegula njira yamakono ndi Paul Tessier, dokotala wa ku France, amene pa msonkhano wa ku Rome m'chaka cha 1967 anaonetsa kuti mafupa a chigaza ndi a nkhope akhoza kudulidwa, kusunthidwa ndi kuumbidwanso, dokotala wa ubongo ndi dokotala wokonza nkhope akugwira ntchito limodzi. Lero, m'zipatala zimene zimachita opaleshoniyi kawirikawiri, imfa ndi zosowa kwambiri.

Njira zimene banja limapatsidwa zimadalira kwambiri msinkhu wa mwana, ndipo apa ndi pamene kuchedwa kuja kumaonetsa mtengo wake. Khanda la miyezi yosapitirira itatu kapena inayi likhoza kuchitidwa opaleshoni yaing'ono, imene David Jimenez ndi Constance Barone a ku America anafalitsa m'chaka cha 1998: dokotala amacheka pang'ono pakhungu malo amodzi kapena awiri, amalowetsa kachipangizo kokhala ndi kamera, n'kuchotsa kachigawo ka fupa pamene pali msoko wotsekekawo. Magazi amatayika ochepa, mwana amatuluka m'chipatala patangopita tsiku limodzi kapena awiri, koma ntchito yeniyeni youmba mutu imatsalira ubongo umene ukukula, motsogozedwa ndi chipewa cholimba chimene mwana amavala kwa miyezi yambiri. Njira ina, imene Claes Lauritzen anayambitsa ku Gothenburg m'dziko la Sweden chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, ndi yoika masipuling'i achitsulo pampata wodulidwawo kuti azikankha mafupa pang'onopang'ono, ndipo pamafunika opaleshoni yachiwiri yaing'ono yowachotsa pakapita miyezi ingapo. Mwana akapitirira msinkhu umenewu mafupa amakhala atakhuthala, liwiro la ubongo litayamba kuchepa, choncho imatsala opaleshoni yaikulu, imene kawirikawiri imachitika mwana ali pakati pa miyezi 6 ndi 12. Khungu limachekedwa kuchokera kukhutu lina kukafika kukhutu lina mokhotakhota, kuti tsitsi likadzamera lidzabise chipsera, ndipo mafupa amachotsedwa, amaumbidwanso n'kubwezeretsedwa atamangidwa ndi tizipangizo timene timasungunuka tokha m'thupi pakapita nthawi. Chifukwa china chosadikirira kwambiri n'chakuti kachikopa kamene kamakuta ubongo kali ndi mphamvu yopanga fupa latsopano mwana asanathe chaka, kotero kuti mipata yotsala imadzitsekera yokha, koma mphamvuyo imachepa mwana akamakula. Palibe njira imodzi imene ndi yabwino kwa mwana aliyense, ndipo madokotala enieniwo amasiyana maganizo. Chimene kholo liyenera kufunsa mosachita manyazi ndi chakuti gulu la madokotalalo limachita opaleshoni yoteroyo kangati pa chaka. Tiyeneranso kuvomereza kuti magulu oterewa amapezeka m'zipatala zazikulu zochepa, ndipo mabanja ambiri padziko lapansi amayenera kuyenda mitunda italiitali, kapena amafika mwana atapitirira kale msinkhu wa njira zazing'ono zija.

Pa tsiku la opaleshoni yaikulu mwana amaletsedwa kuyamwa kwa maola angapo asanagonetsedwe ndi mankhwala, ndipo mayi amene akutonthoza khanda lanjala popanda kulipatsa bere amakhala atalawa kale kuwawa kwa tsikulo dzuwa lisanakwere. Chiopsezo chachikulu ndi magazi. Khanda lolemera makilogalamu 8 lili ndi magazi ongopitirira pang'ono theka la lita m'thupi lonse, moti magazi amene munthu wamkulu angataye osazindikira n'komwe, kwa khanda ndi ambiri, ndipo n'chifukwa chake ana ambiri amawonjezeredwa magazi pa opaleshoni imeneyi. Pambuyo pake mwana amagona m'chipinda cha odwala mwakayakaya usiku umodzi kapena kuposerapo. Chimene chimadzidzimutsa makolo amene sanachenjezedwe ndi kutupa, kumene kumafika pachimake pa tsiku lachiwiri kapena lachitatu, makamaka ngati opaleshoni inakhudza chipumi: zikope zimatupa mpaka maso kutsekeka, nkhope imasintha moti mayi amavutika kuzindikira mwana wake yemwe, ndipo mwanayo, posaona kanthu, amadalira mawu ndi fungo la makolo ake kuti atonthole. Kutupako kumaphwa m'masiku ochepa. Makanda amachira mofulumira kuposa mmene akuluakulu amayembekezera, ndipo si zachilendo kuona mwana akuseweretsa zidole pabedi sabata isanathe, makolo akadali ofooka ndi mantha. Kunyumba tulo ta mwana timasokonekera kwa masabata angapo, ndipo makolo amaopa kukhudza mutuwo ngakhale posambitsa, mpaka atazolowera kuti chilondacho chiyenera kutsukidwa monga anawalangizira.

Banja limene linasankha opaleshoni yaing'ono limapumula msanga kuchipatala koma limasenza katundu wina kunyumba. Chipewa chija chimavalidwa maola 23 pa tsiku, kawirikawiri mpaka mwana atayandikira chaka chimodzi, ndipo ola lotsalalo ndi losambitsa mwana, kutsuka chipewacho ndi kuyang'ana ngati khungu lafiira kapena lasupuka. Chimagwira ntchito mwa kugwira mutu kumene wakula mopitirira n'kusiya mpata kumene ukufunika kufutukuka, choncho chimayenera kusemedwa kapena kusinthidwa mwana akamakula, zimene zikutanthauza maulendo obwerezabwereza opita kwa wochikonza. Mwana amachita thukuta, amanunkha m'mutu, masiku oyamba amalira, koma amachizolowera msanga kuposa makolo, amene amavutika ndi maso a anthu panjira komanso ndi kulephera kupsompsona mutu wa mwana wawo nthawi iliyonse imene afuna. Chiyeso chochivula nthawi ya kutentha kapena pamene kwabwera alendo ndi chachikulu, komatu zotsatira za njira imeneyi zagona pa maola amene chipewacho chakhala pamutu. Chipewa chokha popanda opaleshoni sichitsegula msoko umene wasanduka kale fupa.

Opaleshoni ikatha, nkhani siithera pomwepo, ngakhale kuti kwa ana ambiri otsekeka msoko umodzi imakhala imodzi yokhayo pa moyo wawo wonse. Amapitiriza kuonedwa kwa zaka zingapo, poyamba pafupipafupi kenako kamodzi pa chaka, kuti ayezedwe mutu, aunikidwe maso ndi kuonedwa mmene akuyankhulira, chifukwa mwa ochepa chigaza chimatha kupanikizanso ubongo mwana akamakula. Ambiri amakhala ndi nzeru zofanana ndi anzawo, amaphunzira, amasewera ndi kuchita zonse zimene ana amachita, koma monga gulu amakumana ndi zovuta zazing'ono za kuyankhula ndi kuwerenga mochulukirapo pang'ono kuposa ana ena, ndipo kholo limene likudziwa zimenezi limafunafuna thandizo msanga m'malo moganiza kuti mwanayo ndi waulesi. Mwana wotsekeka msoko wa coronal mbali imodzi nthawi zambiri amafunikanso chisamaliro cha maso, popeza diso limodzi likhoza kupenya mopingasa kapena kufooka. Palinso ana ena a m'banjamo, amene kwa miyezi yambiri amaona makolo awo akungokamba za mng'ono wawo, ndipo amafunika kuuzidwa m'mawu osavuta chimene chikuchitika, apo ayi amadzipangira okha nkhani yoopsa kuposa yeniyeniyo. Mwiniwake wa chipseracho sadzakumbukira kalikonse, ndipo tsiku lina akadzameta tsitsi n'kufunsa za mzera wokhotakhota uli pamutu pake, zithunzi zija makolo ankajambula kuchokera pamwamba ndi zimene zidzamufotokozere.

Kwa mabanja a ana a vuto la Apert, Crouzon kapena Pfeiffer, opaleshoni ya chigaza ndi chiyambi chabe. Mafupa a pakati pa nkhope sakula mokwanira, njira ya mpweya imapanikizika, ndipo mwana amaliza mkonono ndi kubanika ali m'tulo, moti makolo ena amagona khutu lili tcheru kwa zaka. Ovutika kwambiri amabooledwa pakhosi kuti azipumira pamenepo. Maso otuluka amafunika kutetezedwa kuti asaume, makutu amayezedwa kawirikawiri chifukwa kusamva bwino n'kofala, madzi amatha kuchulukana mu ubongo, ndipo mwana wa vuto la Apert amalekanitsidwa zala m'magawomagawo m'zaka zake zoyambirira kuti adzathe kugwira cholembera. Akafika msinkhu wa kusukulu, ambiri amachitidwa opaleshoni yokokera mafupa a nkhope kutsogolo, imene imatsegula njira ya mpweya n'kubweza maso m'malo mwake, ndipo nsagwada ndi mano zimadzakonzedwa komaliza mafupa akasiya kukula. Pofika nthawi imeneyo mwanayo amakhala ali ndi zaka zokwanira kufunsidwa, ndipo fomu imene makolo akhala akumusainira kuyambira ali ndi miyezi ingapo amayamba kuiwerenga yekha, pena n'kukana opaleshoni imene iwo akanaivomera.